Zilembo za M'dengu la Telala

Anamuimika kutsogolo kwa kalasi, buku lachingerezi lili m'manja, maso a anzake onse ali pa iye. Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, wamasiye, woleredwa ndi azakhali ake atelala. Aphunzitsi analoza mawu a zilembo zitatu zokha. Mwanayo anatchula mayina a zilembozo monga anawalowezera: "Esi, yu, eni." Kenako anangoti kakasi. Mawuwo sanatuluke.

"Ameneyu m'mutu muli mwala," anatero aphunzitsi, ana onse akumva.

Kalasi inafa nacho chikhakhali. Pofika nthawi yoweruka, anali atamupatsa dzina loti Kachete.

Inu owerenga, tandiuzani, wolakwa anali ndani? Mwana mwamuloweza mayina a zilembo, simunamuuze kuti chilembo chilichonse chili ndi liwu lake, ndiye mukumunyoza kuti walephera? Ine nkhaniyi ndikaiganiza, mtima umandiwira.

M'mawa mwake Kachete anati m'mimba mukumupota. Tsiku lotsatira anati mutu. Tsiku lachitatu ananena zoona: kusukulu sadzapondakonso.

Azakhali anakaonana ndi aphunzitsi aja, koma anangouzidwa kuti azimuwerengera mabuku kunyumba. Anabwerako ali ndi mkwiyo, chifukwa anali ndi chinsinsi chimene ngakhale makasitomala awo sankachidziwa: iwonso Chingerezi sankatha kuwerenga.

Kuseli kwa shopu yawo kunali kasukulu ka mkaka. Mwadzidzidzi azakhali anayamba kunyamula mabatani ndi singano n'kukasokera pafupi ndi zenera la kasukuluko. Oyandikana nawo ankati maso ayamba kuwavuta, akufuna kuwala. Ayi ndithu, ankaba maphunziro! Diso limodzi pa batani, lina pa bolodi, khutu lili kwa tiana tikutchula maliwu limodzilimodzi n'kuwalumikiza.

Patatha mlungu anakhuthula dengu la zidutswa za nsalu, n'kudula zilembo ndi lumo lawo lalikulu. Anayala zitatu pathebulo.

"Bwera kuno, mayi. Ichi chimati sss, ichi a, ichi nnn. Chidutswa chokha si malaya. Tazisoka ndi pakamwa."

"Ndilakwitsa, azakhali."

"Ukalakwitsa timasula. Ine ndamasula madiresi angati muno? Wafa ndani?"

Mwanayo anaseka koyamba m'masiku khumi. Anayamba pang'onopang'ono, kachiwiri mofulumirako, kachitatu mawu anadumpha okha: "Sun!" Anagwira pakamwa ngati waba.

Sizinali zophweka. Masiku ena zilembo zinkamukana, iye n'kuzitaya pansi pa makina akulira. Azakhali ankazitola, kuzikuntha fumbi, osakalipa. Liwu limene iwonso linawasokoneza ankamuuza poyera kuti adikire, mawa akalimveranso pazenera. Awiriwo ankaphunzira limodzi, ndipo palibe wina ankadziwa.

Atabwerera kusukulu, Kachete anakweza dzanja. Aphunzitsi anati ameneyu wangoloweza, ndipo mwadala anatsegula tsamba lakumapeto limene kalasi inali isanafikepo. Mwanayo anaika chala pansi pa chilembo choyamba. Anatulutsa liwu, kenako lina, n'kulumikiza. Pa mawu achinayi anaphonya, wina kumbuyo anayamba kuseka, koma iye anabwerera yekha n'kukonza. Anaumaliza mzere wonse.

Aphunzitsi anangoti, "Khala pansi." Sanapepese, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Koma mwanayo sanalinso kudikira chipepeso cha munthu. Ali pampando wake, chala chinali chitatsikira kale pa mzere wachiwiri.

Inu amene muli ndi mwana amene amaziziritsidwa ndi buku, musalole pakamwa pa munthu wotopa pamudulire chigamulo. Mupatseni liwu limodzi lero, lina mawa, ndipo akakakamira mudikireni. Ngakhale inuyo sukulu inakupitani patali, musagwe mphwayi. Yambani naye limodzi.