Mfuti ya Bambo a Courtney ndi Chitenje Chonyezimira

Amuna anga ndi a Overtone Kachingwe, koma ine ndimawatchula Bambo a Courtney. Mukawaona pa siteji ya basi pa Erdington, kuno ku Birmingham, m'mawa, atavala yunifomu ya buluu ya kunyumba yosamalira nkhalamba, simungaganize kuti munthu ameneyu amasunga mfuti m'nyumba. Ndi munthu wofatsa. Amasambitsa nkhalamba, kuzidyetsa, kuzimeta ndevu, zina zikuwatukwana, iwo n'kumangoti pepani. Kwathu ku Kasungu anali mphunzitsi wa ntchito zazitsulo pa sekondale. Ananditsatira kuno ine nditapeza ntchito ya unamwino, ndipo mapepala awo a uphunzitsi ali m'sutikesi mpaka lero.

Matenda awo ndi amodzi basi, gogodera. Kwa inu amene simuidziwa, ndi mfuti yamakedzana ija yothira wonga kukamwa, n'kuikapo kansalu kopaka mafuta, n'kukankhira chipolopolo cha mtovu ndi ndodo mpaka pansi. Ukaombera kamodzi, wayambiranso kuthira. Malemu apongozi anga anali nayo yothamangitsira nguluwe m'munda, ati pa mpope wake panalembedwa kuti Birmingham. Ndiye amuna anga atamva kuti kunja kwa mzinda, kupitirira Solihull, kuli kalabu ya anthu oombera mfuti zoterezi, anangoti Mulungu wayankha. Ine ndinadabwa, chifukwa sindinawamvepo akupempherera zimenezo.

Koma abale, ine ndaona zinthu! Laisensi isanatuluke, apolisi anabwera kudzaona kabati yachitsulo yosungiramo mfutiyo. Tsiku lomwelo Mayi Mabel a kutchalitchi ankadutsa mumsewu wathu, n'kuona galimoto ya apolisi pakhomo. Pofika Lamulungu amayi onse ankandikumbatira, ati limbani mtima, mabanja ndi choncho. Ndinafotokoza mpaka mawu kutha, palibe anandikhulupirira.

Mfuti yomwe anagula inali yakutha, yoti eni ake anaitaya mtima. Iwo anati aikonza. Zaka ziwiri zathunthu akuikonza! Mtengo wake anausema kuti ugwirizane ndi phewa lawo, tizitsulo toyang'anira poloza anachotsa n'kusula tawo, mpope anaupereka kwa mmisiri wa mfuti kuti aukonze m'kati. Ndipo mfuti imeneyi satsuka ndi mafuta okha ayi, imafuna madzi otentha. Madziwo ankaphitsa m'ketulo yanga, kutsukira m'bafa langa. Wonga ukakumana ndi madzi umanunkha ngati mazira oola. Ine kuchokera kuwadi nditatopa, ndikufuna ndisambe, kupeza bafa lili bii, nyumba yonse fungo lokhalokha.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinkandiwawa chinali Loweruka. Tonse timagwira mashifiti, ndipo tsiku lokhalo lomwe tinkakumana m'nyumba dzuwa lili kunja linali Loweruka. Mwana wathu Courtney anapita kuyunivesite, nyumba inatsala zii. Koma kukangocha Loweruka, bambo anyamula chikwama chawo chachitali, ulendo. Kuchinkhoswe ndekha, kukagula zinthu ndekha, ngati mkazi wamasiye mwamuna ali moyo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhaniyi ndinapita nayo kwa a Limbikani a ku Whitmore Reans, mkulu wa mpingo amene anavomera kukhala nkhoswe yathu kuno, popeza ankhoswe enieni ali kumudzi ndipo mlandu wa banja suweruzidwa pafoni. Anabwera, anamva mbali zonse, kenako anafunsa amuna anga kuti kodi kukonzaku kudzatha liti.

"Kwatha kale, achimwene," anatero Bambo a Courtney. "Changotsala n'kuiyesa. Ikhoza kuombera zipolopolo khumi zonse n'kugwera pamalo osaposa sosa ya kapu, osapukuta mpope pakati. Ndikamaliza, kansalu kachitatu kopukutira katuluka koyera. Anzanga ku kalabu akuti sizingatheke."

"Nanga zikakanika?" ndinafunsa ine.

Anandiyang'ana, kunyada kutawakwera. "Zikakanika ndiigulitsa, kalabu n'kusiya."

A Limbikani anaomba m'manja kamodzi. Anati mawu atuluka pamaso pa nkhoswe, sabwereranso m'kamwa. Mfuti ikapambana, ine ndisadzatchulenso za Loweruka. Ikalephera, ichoke m'nyumba. Mboni akhala iwo, ndipo woweruza za ukhondo ndikhala ine, popeza ndine namwino. Ndinavomera msangamsanga.

Tsiku loyesa likuyandikira, amuna anga anaganiza zoti tsiku lalikulu ngati limenelo sagwiritsa ntchito tinsalu togula kusitolo ta anzawo aja. Ati achita monga ankachitira bambo awo, kansalu ka chitenje kopaka mafuta a nsatsi. Anandipempha chitenje chimodzi. Ndinati zitenje zanga si zoombera. Iwo osalimbana nane, anakatenga nsalu yawo ya yunifomu ya ukwati wa mwana wa Mayi Mabel, yomwe telala sanawasokere malaya.

Lachisanu usiku ndinawapeza patebulo akuidula timagawo tozungulira, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani. Nsalu yobiriwira, yonyezimira, yoterera. Mkazi aliyense wa ku Malawi akangoikhudza nsalu imeneyo amadziwa kuti thonje mulibe, ndi pulasitiki yokhayokha. Ndi zitenje zija ukayandikira nazo mbaula zimakwinyika n'kukumata pamwendo. Ndiye munthu akufuna aiike pamwamba pa wonga! Mwamuna posankha nsalu amangoona kuwala.

"Yokongola eti, Mayi a Courtney?" anandifunsa.

"Yokongola zedi," ndinayankha.

Ndinaona, ndinadziwa, ndinatseka pakamwa. Mumtima ndinati safunsa anadya phula, ndipo ndinapita kukhitchini ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Loweruka tinapita atatu pa galimoto ya a Limbikani. Kalabuyo ili m'munda, kuseri kwa mitengo, kashedi kamalata ndi matope ofika m'kakolo. Kunkawaza kamvula kosatha kaja. Ndinapeza azungu okalamba asanu ndi awiri, aliyense ndi kabokosi kake. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti amuna anga atangotsika galimoto, madala onsewo anawazungulira. Wina akuwaonetsa kachitsulo kothyoka kuti amuuze chochita, wina akuwagwira paphewa. Woyang'anira malowo, mkulu wina wa ndevu zoyera dzina lake Albert, anandigwira dzanja n'kundiuza kuti mfuti zitatu za pakalabupo zinadzuka chifukwa cha manja a amuna anga. Ndinawayang'ana Bambo a Courtney. Anali ataima chilili, akulongosola ndi manja, mawu akumveka mpaka kumpanda. Mawu amenewo ndinawamva komaliza akuphunzitsa ku Kasungu. Ndinadziuza kuti zimenezo sizikundikhudza, ine ndabwerera Loweruka langa.

Anatipatsa zotseka m'makutu. Chandamale chinali pepala loyera la bwalo lakuda pakati, pamtunda wa mamita makumi asanu. Amuna anga anathira wonga, kuika kansalu kobiriwira, chipolopolo, kutsindira, kuloza. Phuu! Utsi tolo. A Albert anasuzumira pa galasi loonera patali n'kugwedeza mutu movomera. Pakati penipeni. Chachiwiri chinagwera pambali pang'ono. Chachitatu chinatuluka m'bwalo lakuda.

Pofika chachisanu, ndodo inayamba kukana kulowa. Bambo akukankha ndi manja awiri, thukuta kamukamu pamphumi kunja kukuzizira. Pamwamba pa fungo la mazira lija panabwera fungo lina, la jumbo yopsa. Chachisanu ndi chimodzi sichinakhudze n'komwe pepala. A Albert anaimitsa kuombera, napita kutsogolo kukatola tinsalu togwa pa udzu. Anabwera nato m'dzanja, tonse tokwinyika, tolimba, takuda. Anati sanaonepo zotere, ndipo sangalole kuti chipolopolo china chilowe mumpope umenewo.

A Limbikani anandikodola kuti ndichite mbali yanga. Amuna anga anapukuta mpope katatu n'kundipatsa kansalu kachitatu. Kanali kakuda, konanda ngati phula la pamsewu. Panalibe choweruza.

"Mlandu watha," anatero a Limbikani motsitsa mawu. "Achimwene, munanena nokha."

Ndinapambana. Ndinayembekeza kuti bambo akangana, anamizira mvula, apempha tsiku lina. Ayi ndithu. Anangoti, "Ndiye kuti ndinalakwitsa penapake pokonza. Zaka ziwiri." Anaika mfuti patebulo, kupempha a Albert pepala ndi cholembera, n'kuyamba kulemba chidziwitso choti mfuti ikugulitsidwa. Mapewa anali atagwa. Mkulu wina anawafunsa ngati adzabwerebe Loweruka, iwo n'kuyankha kuti pepani. Pepani yemwe uja wa kuntchito.

Mtima unandipweteka, ndipo ndinakwiya. Ndinakwiyira iwo chifukwa chosadziwa nsalu, ndinakwiyira a Limbikani ndi kuomba m'manja kwawo, ndinadzikwiyiranso ndekha. Munthu akudziimba mlandu pa ntchito ya manja ake, pamene ntchitoyo ilibe vuto, ndipo pagulu lonselo wodziwa zimenezo ndine ndekha.

"Tasiyani kulembako," ndinatero.

"Mayi a Courtney, pangano ndi pangano."

"Ndati siyani! Mfuti yanu ilibe mlandu. Inu bambo wamkulu, mwana wa mlenje, mukaika pulasitiki pamoto mumati ichite chiyani? Apongozi ankadula chitenje cha thonje, osati zonyezimira za paukwatizi. Asa!"

Onse anangoti kukamwa yasa. A Limbikani anavula magalasi.

"Mayi, zimenezi mwazidziwa liti?"

Funso limenelo likanandipha. Ndikanatha kunena kuti ndangozindikira pompano, koma nkhoswe sainamiza.

"Dzulo," ndinayankha. "Ndinawaona akudula."

"N'kukhala chete?"

"N'kuwauza kuti ndi yokongola."

A Limbikani anapukusa mutu. Anati mlandu woti woweruza anabisa umboni suwerengedwa, ayambirenso. Anawonjezera kuti za ine tikambirana pambuyo pa mapemphero. Manyazi ake, ndinalakalaka matope aja atandimeza.

M'chikwama changa simusowa chitenje, kaya ndikupita kuti. Tsiku limenelo munali chakale chofiirira chomwe ndinkaberekera Courtney, cha thonje lenileni, chofewa ndi kuchapidwa. Ndinachitulutsa, ndinasolola ulusi umodzi, n'kupempha machesi kunja kwa shedi, kutali ndi wonga wawowo. Ulusi unapsa n'kusanduka phulusa, osanyala, osamata. A Albert anachikhudza, kuchiyeza ndi kachida kawo, n'kunena kuti makulidwe ake ndi enieniwo. Amuna anga anatambasula dzanja kuti atenge lumo.

"Musachikhudze," ndinawauza. "Mungachiwononge. Pitani mukachotse phula lanulo."

Zinawatengera ola lathunthu kupala mpope ndi burashi ndi madzi otentha, madala awiri akuwathandiza. Ine nditakhala pabenchi lonyowa, ndikudula timagawo khumi m'mphepete mwa chitenje cha mwana wanga, ndikung'ung'udza pa kagawo kalikonse.

Anayambiranso. Ndodo inkangotsetsereka. Phuu, utsi, kuthira, kutsindira, phuu. Sindinkafuna kuyang'ana, koma ndinkawerenga. A Albert atabweretsa pepala, anaika sosa ya kapu yawo ya tiyi pamwamba pa mabowo, ndipo onse khumi anabisika. Madala anakuwa ngati agoletsa chigoli. Kenako kupukuta. Koyamba kakuda, kachiwiri kotuwa. Kachitatu anandipatsa m'manja, onse maso ali pa ine. Ndinakatembenuza, ndinakaunika kumwamba, ndinakanunkhiza. Ndinafunafuna banga ndi mtima wanga wonse. Panali kamzere kamodzi kotuwirako, koti ngakhale sisitala wovuta wa kuwadi kwathu akanangokadutsitsa.

"Koyera," ndinatero.

Bambo a Courtney sanakuwe nawo. Anavula chipewa, mvula ikuwagwa pamutu, n'kuwomba m'manja mwaulemu atawerama pang'ono, monga amathokozera akuluakulu kwathu. "Zikomo, Mayi a Courtney." Maso awo anali atafiira. Ndinawauza kuti avale chipewa asanadwale chibayo n'kundiwonjezera ntchito.

Pangano ndi pangano. Mfuti ili m'kabati mwake, ndipo za Loweruka pakamwa panga sipatulukanso mawu. Kukacha amanyamula chikwama chawo chachitali akuimba mluzu, ine n'kutseka chitseko, n'kukhala pansi m'nyumba ya zii. Kumandiwawa mpaka lero, musaganize kuti ndinazolowera. Koma ndikadandaulire yani? Lumo ndinagwira ndine.