Chifuwa cha Pikapu ya Bambo

Fungo la petulo wosapsa bwino limandibwezera ku Golomoti, chaka chimene bambo anamwalira. Ndi fungo loyabwa kukhosi, ndipo m'nyengo ya mwera ya chaka chimenecho linkalowa m'nyumba mwathu m'mawa uliwonse, n'kukakamira pa yunifolomu yanga mpaka kusukulu. Ndinali mu Sitandade 4.

Bambo anatisiyira pikapu yakale yoyera, ya nthawi ija galimoto zinkakhala ndi kabuleta yosakaniza petulo ndi mpweya, komanso kachitsulo kokoka polizira, kotchedwa tchoki. Inkanyamula thonje kupita kumsika ndi odwala kupita kuchipatala ku Mua. Ulendo wake womaliza inanyamula mwini wake, atadwala chifuwa miyezi yambiri. Maliro atatha, abale a bambo anati katundu asasunthe mpaka tsiku losudzula mayi. Motero pikapu inaima pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba, timasamba tikuunjikana pa boneti, nkhuku zikusamba fumbi kunsi kwake.

Mayi sankatha kuyendetsa, koma kuliza ankatha. Poopa kuti batire ingafe, m'mawa uliwonse akatha kusesa ankakhala pampando wa bambo, n'kukoka tchoki mpaka kumapeto monga ankaonera bambo akuchita, n'kupotoza kiyi. Injini inkalira pamalo amodzi nthawi yaitali, iwo ali phee, manja pamiyendo, maso kuphiri la ku Dedza. Kenako ankazimitsa n'kukatenga ndowa.

Masabata oyamba inkalira bwino. Kenako inayamba kunjenjemera, utsi wakuda ukudetsa udzu kuseri kwa ekizosi. Tsiku lina ndikutsuka makapu ndinamva ikutsokomola. Inatsokomola motsatizana, n'kukhala chete ngati ikusaka mpweya, n'kutsokomolanso mozama kuchokera pansi. Kapu inandipulumuka. Umu ndi momwe bambo ankatsokomolera akadzuka, atagwira chitseko.

Sindinamve ndekha. ANachisale, oyandikana nafe amene ankagulitsa zitumbuwa pamsewu, anasiya kudutsa njira ya kuseri. "Amake Tadala," anatero powaitana mayi ndi dzina langa, ali patali, beseni lili pamutu, "ndi chifuwa chomwe chija. Inu simukumva?" Kusukulu anzanga anayamba kunena kuti bambo anga alowa mu injini, ndipo ena ankathawa ndikawayandikira.

Ine sindinkaopa. Mayi akapita kumjigo ndinkapita pansi pa bwemba, n'kuika tsaya langa pa boneti ikadali yofunda. Mkatimo zitsulo zinkalira tiki, tiki, pozizira. Ndinkawapatsa moni bambo. Ndinkawauza kuti masamu ndakhoza, kuti mbuzi yamawanga yabereka, kuti thonje la kumunda kwathu likugwera pansi posowa wotola. Popita kusukulu mtima unkakhala m'malo, podziwa kuti mawa atsokomolanso.

Koma chifuwacho chinkakulirakulira, ndipo m'mawa wina injini inakana kulira. Inangozungulira mwaulesi, fungo la petulo lili ponseponse. Mayi anatumiza uthenga kwa Che Saidi, makaniko a ku Mtakataka amene anali mnzawo wa bambo. Anabwera pa njinga dzuwa litakwera, masipanala atawakulunga m'thumba la feteleza.

Anatsegula boneti, anazula mawaya, n'kumasula mapulagi imodziimodzi, akuwandandalika pa thumba lija monga anakhalira mu injini. Nsonga zake zinali bii, zaubweya ngati kunsi kwa mphika. Anapaka chala pa imodzi, anachifikisa ndi chinzake, n'kuchinunkhiza.

"Alihamdulila, ndi mwaye wouma," anatero. "Ukanakhala wonyowa ndi oilo, alamu, bwenzi tikulira maliro ena. Iyi yangokhuta petulo, mpweya sikuupeza, ndiye moto sukudumpha pa pulagi."

Anavundukula chosefera mpweya pamwamba pa kabuleta. Chinali chodzaza fumbi ndi timaulusi ta thonje, ndipo mbewa zinali zitayamba kumangamo. Anachigogoda pa tayala, tonse n'kuyetsemula. Atatero anasuzumira kutsogolo n'kuona tchoki ikadali yokoka.

"Kodi kameneka mumakabweza ikatentha?"

"Kubweza?" anafunsa mayi. "Iwo ankangokoka."

Che Saidi anaseka. "Ankabweza akafika pamsewu, inu mutalowa kale m'nyumba." Ataona nkhope ya mayi, kuseka kunawathera.

Anathira petulo pang'ono m'chitini n'kutenga bulashi ya waya. Pamenepo ndinayamba kumvetsa chimene chinkachitika. Ndinawafunsa ngati chifuwa chitha akatsuka.

"Chitheratu, mwanangu," anatero mokondwa, akuyesa akundisangalatsa.

Ndinathamangira kwa mayi n'kugwira chitenje chawo. Ndinawapempha kuti awauze asiye, angoiliza basi koma asachotse zonse. Mawu ankandithawa, koma mayi anamva. Che Saidi anaima, bulashi m'manja, akuyang'ana ine, akuyang'ana iwo. Mwera unkagwetsa timasamba ta bwemba m'chitini muja. Mayi anayang'ana mapulagi aja, dzanja lawo lili pamutu panga.

"Tsukani, Che Saidi," anatero. "Atsokomola mokwana."

Che Saidi anakwecha mapulagi mpaka nsonga zinayera, anayeza kampata kodumphira moto, anaumitsa padzuwa, n'kumanga. Injini inalira atangopotoza kiyi kamodzi. Che Saidi anati kuti mwaye wotsala upse, galimoto iyenera kuthamanga ndi kutentha, chifukwa kulira pamalo amodzi ndi kumene kumaidwalitsa. Mayi anaganiza za abale a bambo, kenako anati kuyesa galimoto si kusuntha katundu. Anakwera kutsogolo ndi Che Saidi, ine kumbuyo.

Tinakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere. Poyamba utsi unali wakuda, kenako wotuwa, kenako sunkaonekanso. Ndinagona chafufumimba pazitsulo, khutu pansi, ndikudikira pa kona iliyonse. Injini inkangolira mosalala ngati ya munthu wina aliyense. Pobwerera Che Saidi anamasula pulagi imodzi n'kutionetsa nsonga yake, yofiirira ngati chikonyo cha chimanga chouma. "Yachira," anatero. Masiku angapo sindinawayankhule mayi.

Pano ndikudziwa kuti mu injinimo munalibe munthu. Munali petulo wochuluka, mpweya wochepa, ndi kachitsulo kamene palibe anawauza mayi kuti kamabwezedwa. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati mayi awathamangitsa bambo pakhomo. Sindinkaganizira kuti miyezi yonse ya matenda ija, ine ndili kusukulu kapena m'tulo, mayi ndiwo ankawakhazika bambo tsonga ndi kuwasisita msana. M'chifuwa chija ine ndinkamva bambo akadali nafe. Mayi ankamva mwamuna wawo akulephera kupuma, ndipo ulendo uno panali munthu wodziwa kuchiza.