Manja a Yosefe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mlongo wanga wamng'ono, Yosefe, anayamba kutupa manja ndi mapazi. Anali asanayambe n'kuyenda komwe. Tizala take tinkafufuma ngati timbatata, ndipo ukangomukhudza ankalira mpaka mawu kusasa. Kutupako kunkaphwa, ife n'kupumako, kenako n'kubweranso.

Kwathu ku Nachisaka mwana satupa popanda womutupitsa. Azimayi a pachitsime anali atagamula kale kuti ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo wayenda njira zachibwana, wabwera ndi moto wa kunja n'kudzagwira mwana. Amayi palibe amene anawaganizira, poti anali eni mudzi, ndiponso sankajomba ku Misa. Maso onse anali pa bambo, mkamwini wochokera ku Malomo, amene nyengo ya fodya ankagonera komweko kokagulitsa.

Atsibweni, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba. Analamula kuti bambo asamunyamulenso mwanayo, ndiponso kuti mchere m'ndiwo ndizithira ine, poti ndinali mwana wosadziwa kanthu. Anawonjezera kuti kutupako kukabweranso tisanakolole, bambo alongedze azipita kwawo. Mkamwini sachedwa kulongedza: khasu, bulangete, njinga, basi.

Ine ndinabadwa wokayikira. Munthu akandipatsa nzimbe ndinkayamba ndaitembenuza kuti ndione ngati ndi yofumbwa. Choncho ndinayamba kuwalonda bambo. Akachedwa kudimba ndinkafuna kudziwa chawachedwetsa. Akasamba masana ndinkadzifunsa kuti akusambira ndani. Malaya awo ndinkawanunkhiza pochapa, koma ankangomveka chikonga ndi thukuta. Ngakhale zimenezo sizinandikhutiritse, ndinkati mbala yochenjera sisiya phazi. Ndinkawakonda bambo anga, ndipo n'chifukwa chake mtima unkandiwawa koopsa.

Kutupa kunabweranso chimanga chikadali chachiwisi. Amayi anathamangira naye kuchipatala cha mishoni, ine ndikuwatsatira ndi mtolo wa matewera pamutu. Kumeneko tinapeza mayi wina wamfupi, wovala magalasi, amene anamwino ankamutchula kuti Adokotala. Sanali wongolemba mankhwala ngati ena aja. Ntchito yake inali kufufuza mmene thupi la mwana limadzitetezera, makamaka ku khansa ndi ku matenda otengera kwa makolo. Anamuyang'ana Yosefe m'maso, anamusisita pamimba, anamvetsera nkhani yonse ya tsempho osaseka. Kenako anapempha timagazi pang'ono, ta mwanayo, ta amayi, ndiponso ta bambo akabwera.

Apa ndiye ndinatong'ola maso. Nkhani za anthu opopa magazi tinkazimva tonse, ndipo uyu sankabisa n'komwe. Ndinamutsatira mpaka pakhomo la kachipinda kake n'kuima pomwepo osaphethira.

"Iwe mtsikana, ukundiyang'ana ngati ndakubera nkhuku," anatero. "Ukufuna chiyani?"

"Magazi a mlongo wanga mukupita nawo kuti?"

Sanakwiye. Anandikweza pampando kuti ndisuzumire m'makina ake oonera tinthu tosaoneka ndi maso. M'chipindamo munkanunkha sipiriti. M'magazi a Yosefe ndinaona timadontho tofiirira tozungulira, ndi tina topindika ngati zenga lomwetera udzu.

"Topindikato n'timene timatsekereza m'mitsempha, mwana n'kutupa," anandiuza. "Kukayikira usasiye, nanenso kumandidyetsa. Koma usamangokayikira munthu mmodzi wopanda womuyankhulira. Uzikayikiranso zimene mudzi wonse wagwirizana."

Ndinagwedeza mutu, koma mumtima ndinati mwina timadonthoto anachita kutijambula.

Bambo anabwera pa njinga m'mawa mwake, ndipo anapinda mkono wa malaya asanauzidwe. Tsiku lomva zotsatira anabweranso atsibweni, osaitanidwa, ati adzimvere okha poti chipatala ndi mkamwini akhoza kupangana. Tinakhala pakhonde, Yosefe ali kumsana kwa amayi. Adokotala anafotokoza pang'onopang'ono kuti matendawa ndi obadwa nawo. Kuti mwana adwale pamafunika mbewu ziwiri, ina yochokera kwa bambo, ina kwa mayi, ndipo kholo limakhala nayo mbewuyo popanda kudwala kapena kudziwa. Anatsindika kuti palibe kuyendayenda kulikonse kumene kungamutupitse mwana chonchi.

Atsibweni anawomba m'manja kamodzi. "Ndiyetu mwanena nokha, Adokotala! Magazi a mkamwiniyu ndiwo atibweretsera mavuto."

Amayi, amene chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akuyankha atsibweni, anamasula mwana n'kumukhazika pamiyendo.

"Achimwene, mwamva theka. Theka linalo ndi la kwathu. Ngati mukuwathamangitsa awa, nanenso mundipezere kopita."

Adokotala anawonjezera modekha kuti mbewuyo amayi anaitenga kwa makolo awo, choncho mwina atsibweni nawonso ali nayo, ndipo kuyeza sikuchedwa. Atsibweni anapinda manja pachifuwa, anayang'ana kumwamba, kenako anakumbukira kuti asiya mbuzi zosamangirira. Sanapepese mpaka tsiku la imfa yawo, koma nkhani yolongedza inathera pakhonde pomwepo.

Ndinkayembekezera kuti bambo adumpha ndi chimwemwe. Pobwerera anandipatsa njinga kuti ndizikankha, iwo n'kumunyamula Yosefe pachifuwa, koyamba chichokereni lamulo lija. Tinayenda mtunda wautali, fumbi lofiira likutimata m'miyendo, amayi ali patsogolo. Titafika pachitunda chimene mudzi wathu umaonekera, anaima.

"Mwana wanga," anatero, "miyezi yonseyi ndinkadziwa kuti akundinamizira, ndipo ndinkagona tulo. Lero ndiye ndamva kuti ndinam'patsadi matendawa."

Sindinamvetse. Ndinkaona kuti munthu amene wawina mlandu alibe chodandaula.

Lero ndimagwira ntchito yonga ya mayi uja. Ndimasuzumira magazi a ana, ndikufufuza chifukwa chimene thupi lina limalimbana ndi khansa pamene lina limagonja msanga. Zotsatira zanga zomwe ndimazikayikira mpaka anzanga amatopa nane. Koma ndikamauza makolo kuti matenda a mwana wawo ndi otengera ndipo palibe wolakwa, sindifulumira kutuluka m'chipinda. Ndinazindikira nditakula kuti yankho loona limathetsa mlandu wa pabwalo, koma limasiya wina umene kholo limadziimba lokha, ndipo pa umenewo palibe dokotala amene angaliikire umboni. Bambo anakhala nafe mpaka ukalamba wawo, munthu wosalakwa. Komabe nthawi iliyonse Yosefe akatupa, ankakhala pambali pake n'kumamupepesa.