Msoko wa M'chiuno

Mayi Singano anasoka zaka makumi atatu pakhonde la sitolo ya zitsulo. Dzinalo linabwera ndi ntchito, ngakhale ena ankati ndi la pakamwa pawo, poti pamalasa. Za anthu sankazikhulupirira kwenikweni, ankakhulupirira nsalu. Mzimayi akabwera n'kumati saizi yake ikadali ya chaka chatha, iwo ankangomuyang'ana m'chiuno, n'kuwonjezera mainchesi awiri osamuuza.

Amuna awo anali dalaivala wa basi ya maulendo aatali, munthu wamimba yokhudza chiwongolero. Atayamba kumva chizungulire, dokotala sanawabisire. Magazi ankathamanga kwambiri, thupi linali litanyanya, ndipo akapanda kusiya nyama, mafuta ndi mchere, tsiku lina adzagwa.

"Ndiye ndisanduke mbuzi?" anatero adalaivala pobwerera kunyumba.

"Mbuzi munaionapo itagonekedwa m'chipatala?" anayankha Mayi Singano.

Kuyambira tsiku limenelo khitchini inasintha. Ankadzuka kusanache kuphika nyemba, mphodza, kabichi, kaloti ndi mbatata, n'kulongedza m'kontena ya zipinda zitatu, pamwamba n'kuika peyala lodula pakati. Iwo sankadwala chilichonse, koma nawonso anasiya nyama kuti fungo lake lisazunze mwamuna. Ana akabwera kudzacheza ankadandaula kuti kwa amayi kwasanduka kudimba. Kontena inkabwerera madzulo ili mbee, yotsuka kale, ndipo mtima wa mayiwo unkakhala m'malo.

Sikelo panyumbapo panalibe. Tepi yoyezera nayo adalaivala ankaikana, amvekere, "Ine si kasitomala wanu." Choncho Mayi Singano anayamba kuyeza ndi thalauza la yunifomu. Yunifomuyo inkachapidwa ndi kusitidwa kuntchito, moti ankangoiona ili m'thupi. M'mawa uliwonse, ngati akukonza malaya, ankapisa chala m'chiuno mwa thalauzalo. Poyamba chala chinkakana. Patatha miyezi itatu chinalowa, kenako zinalowa ziwiri. Tsiku limenelo pakhonde sipanapite kasitomala wosamva kuti masamba ndi mankhwala.

Mchemwali wa adalaivala ndiye sankafuna n'kumva komwe. "Alamu, mchimwene wanga mumupha ndi maudzu anuwa. Mwamuna amadya nyama."

"Inu mumadya nyamayo, alamu, koma masitepe atatu okha mumapumira kawiri."

Chopweteka n'chakuti Mayi Singano maso anali nawo. Khosi la adalaivala linali lomwe lija, masaya omwe aja, kupuma kwa wefuwefu pomanga nsapato kunali komwe kuja. Mayi wodziwa saizi ya munthu pongomuona akudutsa mumsewu anadzinamiza yekha kuti thupi limayamba kuchepa m'chiuno, nkhope imatsatira pambuyo. Ankafunitsitsa kuti zikhale choncho.

Mwezi wa khumi adalaivala anagwa padepoti, anthu asanakwere basi. Anapulumuka, koma mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anapita. Kuchipatala achibale anadzaza khonde lonse, ndipo alamu aja analankhula mokweza kuti manesi amve. "Mwaonatu? Munthu wathera magazi ndi kabichi!" Mumtima Mayi Singano ankadzifunsa ngati sanamufooketse okha mwamunayo ndi miphika yawo, ndipo funsolo linawadya masabata atatu.

Wodwala atatuluka, panafunika kuika lasitiki m'mathalauza ake, poti dzanja limodzi silimanga batani. Mayi Singano anatenga la yunifomu, n'kulitembenuza. Pamsoko wakumbuyo panali mizere itatu ya timabowo ta singano, umboni woti wina anamasula katatu. Nsalu itatha, wosokayo analowetsapo chigamba chosafanana mtundu, n'kuchisoka mokhotakhota ndi ulusi wakuda. Ntchito yauve, yoti iwo sakanalola kuti ichoke pamashini awo. Anayala tepi. Thalauza linali litakula ndi mainchesi anayi.

Madzulo ake kunabwera kondakitala amene ankayenda ndi adalaivala, kudzaona wodwala. Mayi Singano anangomuikira thalauzalo pamiyendo. Bamboyo analiyang'ana, n'kuyamba kupotokola chipewa chake.

"Amayi, mundikhululukire. Ndi telala wa kuseri kwa depoti. Abwana ankati mukaona kuti lathina mudandaula."

"Nanga chakudya changa?"

"Ndinkadya ndine, amayi. Iwo ankagula nyama yootcha ndi tchipisi poima basi paliponse." Kenako, poganiza kuti akuwatonthoza, anawonjezera. "Koma mumaphika, amayi. Ine mimba yonse inaphwa, ngakhale mawondo anasiya kuwawa."

Miyezi khumi yodzuka kusanache, miyezi khumi yodutsa pabutchala atayang'ana kumbali, yonse ija anali akuchiritsa mwamuna wa eni. Mayi Singano anafuna kunyamula thalauzalo kupita nalo kwa alamu, akaliyale patebulo abale onse akuona. Koma akanakhala akuvula munthu amene sangathenso kudziyankhira, ndipo ana akanamva kuti bambo awo anasankha nyama yootcha m'malo mwa iwo. Anamasula chigambacho ndi lezala, n'kuchiponya pamoto, n'kuika lasitiki. Mpaka lero kuchimuna amadziwika kuti ndi mkazi amene anapuwalitsa mchimwene wawo ndi masamba, ndipo akadutsa sapatsidwa moni.

Mashini anawachotsa pakhonde paja, ali m'chipinda chochezera, pafupi ndi bedi la wodwala. Makasitomala ambiri anapita kwina, chifukwa palibe amene amafuna kuyesa diresi pamaso pa bambo wogona.

Tsiku lomwe kondakitala anabweralo, atamuperekeza, Mayi Singano anapakula msuzi wa nyemba ndi kaloti, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Adalaivala anali atamva zonse, poti khoma la m'nyumbamo ndi lopyapyala. Diso lawo lamoyo linkathawa uku ndi uku.

"Mukanangondiuza, bambo," anatero mayiwo. "Ngakhale thalauzalo, mukanandipatsa ine. Ndikanakutukwanani, koma ndikanadziwa."

Anauzira supuni, n'kuifikitsa pamlomo.

"Yasamulani."

Adalaivala anayang'ana nyembazo, n'kutseka pakamwa ndi mbali imene inkagwirabe ntchito, n'kutembenukira kukhoma.