Bilyeti Yopita Yokha

Amalume anga anapita ku Jeremani ine ndisanabadwe, nthawi imene boma linkatumiza anyamata kukagwira ntchito m'mafabrika a kumeneko. Anzawo anabwerako, iwo anatsalira. Kwathu ku Lifidzi ndinkawadziwira pa chithunzi chimodzi chimene amayi ankasunga m'buku la nyimbo: mnyamata wowonda, wovala kazako, jekete lomukulira, manja ali m'matumba.

Bungwe lathu la alimi a mbatatesi litandisankha kuti ndikaphunzire za mbewu kwa miyezi itatu m'dziko lomwelo, amayi sanafunse n'komwe za maphunzirowo. Anamanga mfutso wa khwanya m'kachidutswa ka nsalu ya kapulana n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Ukawapatse alongo anga," anatero. "Ndipo ukawauze pamaso, osati pa telefoni, kuti munda wawo wa kudambo sindinapatse munthu. Ndakhala ndikuulima ine, koma mawondo akukana. Akubwera, kapena ndigawire ana? Undibweretsere yankho."

Shikola yathu inali kumpoto, amalume ankakhala kutali kummwera, ulendo wa maola asanu ndi awiri pa komboyo, sitima ya pamtunda. Mpata ndinaupeza kumapeto penipeni: Lachisanu masana mpaka Lamulungu. Lolemba m'mawa kunali mayeso omaliza, amene popanda iwo miyezi itatu yonseyo ikanapita pachabe.

Kwathu ulendo suvuta kuyamba. Umapita pa siteji ku Ulongwe, kobradoli, wotolera ndalama uja, amakulanda chikwama usanamuuze kumene ukupita, shapa, minibasi ya kwathu, ikadzaza mumanyamuka. Kuno anandiuza kuti bilyeti, tikiti ya ulendowo, ndigule pa intaneti. Ndinakhala pa komputadolo ya kushikola masana onse, ndikujambula mawu a Chijeremani ndi telefoni kuti indimasulire m'Chipwitikizi. Dzina ndinalemba katatu, kuopa kuti chilembo chimodzi chingasiyane ndi cha m'pasaporti. Atandifunsa mpando ndinadabwa, chifukwa chibadwire palibe anandifunsapo pamene ndikufuna kukhala. Ndinasankha wa pazenera, ndikuchita manyazi ngati wina akundiona.

Kenaka panabwera funso limene linandiimitsa: yopita yokha, kapena yopita ndi kubwera?

Ndinakumbukira msuweni wathu wa ku Domwe. Tsiku lina anafika kwathu, asanakhale n'komwe pa mphasa, n'kunena kuti abwerera ndi shapa ya madzulo. Amayi anamuphikira, anamuperekeza, koma sabata yonse ankang'ung'udza. "Kodi anabwera kudzapala moto?" Kwathu mlendo safika ndi tsiku lobwerera pakamwa. Amakhala, amadya, nkhani zikatha amalawira, ndipo eni nyumba ndiwo amamumasula. Nanga ine ndikanafika bwanji kwa amalume amene sanaonepo mwana wa mlongo wawo, ola lochokera lili kale m'thumba?

Mayi wa mu ofesi ya shikola anadutsa kumbuyo kwanga n'kuyang'ana. Anandiuza mwa Chingerezi chapang'onopang'ono kuti Lamulungu limenelo tchuthi cha ana chikutha, makomboyo adzadzaza, ndigule yobwerera pomwepo. Ndinagwedeza mutu n'kuthokoza kawiri. Atachoka, ndinadina yopita yokha.

M'njira monse nkhope inali pagalasi. Minda ya mbatatesi inali yosalala mpaka kumene maso amalekeza, yopanda munthu ndi mmodzi yemwe wowerama ndi khasu. Ndinkafunafuna phiri, ngakhale kachulu, ngakhale njinga yosenza matumba ikutsetsereka kupita kumsika. Kaphukusi ka amayi ndinakafumbata pamiyendo.

Amalume ndinawapeza pa estasawu poimira komboyo, bambo wa imvi, wotsimphina pang'ono. Ndinavula chipewa n'kuwomba m'manja motsitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mphwanga," anatero, "mphuno imeneyi ndi ya mayi ako. Pepa."

Chinyanja chawo chinali chakale, chimatuluka pang'onopang'ono ngati madzi a mjigo umene wakhalitsa osapopedwa. Ankakhala okha m'chipinda cham'mwamba. Akazi awo anamwalira, mwana wawo wamkazi anali ndi banja lake m'tauni yomweyo. Atamasula kapulana ija anaika mphuno mu mfutsowo, ndipo sanadzutse mutu msanga. Ine ndinayang'ana pakhoma.

Loweruka lonse ankafunsa za anthu. Uje wa njinga yofiira? Anamwalira. Aphunzitsi a katekisimu aja? Anamwalira. Mtengo wa mapichesi wa m'mphepete mwa mtsinje, umene anabzala okha? Umenewo ulipo, ndinawauza, ndipo umabereka mpaka nthambi kuthyoka. Pamenepo ndinagwada n'kupereka uthenga wa amayi monga anandipatsira. Anamva, anati "Hmm," n'kupita kukatereka madzi a tiyi.

Lamulungu linafika. Ndinkadikira kuti nkhani ya munda ithe kuti ndilawire, koma iwo sankaibwereza. Dzuwa litafika pamutu anafunsa okha.

"Komboyo yako ndi ya nthawi yanji?"

"Sindinagule yobwerera, amalume."

"Wati chiyani?"

"Ndimaopa kuti muona ngati ndabwera kudzapala moto."

Anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. "Iwe! Mwana wa mlongo wanga weniweni! Ukuganiza kuti pano pali kobradoli woti akupanikizepo pa thumba la nyemba? Mayeso ndi mawa, ndipo wakhala phee ngati mkamwini!"

Anavala magalasi n'kutsegula komputadolo yawo. Komboyo yolunjika inali itadzaza. Yachiwiri chimodzimodzi. Ine ndinkaganiza zimene ndikauze a bungwe amene anandisankha pakati pa anthu ambiri. Amalume ankadina ndi chala chimodzi, akung'ung'udza m'zinenero zitatu. Pomaliza anapeza yozungulira, yosinthira pa tauni ina pakati pa njira. Ndinaona akulemba anthu awiri.

"Mwalakwitsa, amalume."

"Sindinalakwitse. Wasunga mwambo wako, undilole nanenso ndisunge wanga. Mlendo amaperekezedwa."

M'komboyo tinakhala moyandikana maola atatu. Anandisiyira mpando wa pazenera, koma ndi iwo amene ankasuzumira panja.

Pa estasawu yosinthira tinali ndi mphindi khumi zokha. Anandinyamulira chikwama mpaka pakhomo la komboyo yanga, ngakhale ndinkakana.

"Kwathu timaperekeza mpaka pamtsinje," anatero. "Ine ndibwerera pano. Ukawauze mayi ako kuti agawire ana. Kuno ndili ndi adzukulu, ndi dokotala wa mtima amene sandilola kupita kutali. Ndikanama ndikati ndikubwera." Anandipatsa chikwama changa. "Koma mizere itatu ya pafupi ndi mtengo wa mapichesi asagawe. Imeneyo aisiye."

"Aisiyire ndani, amalume?"

"Angoisiya."

Zitseko zinalira n'kutsekeka. Ndinawaona pagalasi ataima, manja ali m'matumba ngati pa chithunzi chija, mpaka komboyo inakhota.

Mayeso ndinalemba, ndipo ndinakhoza. Nditafika ku Lifidzi ndinapereka yankho pamaso, monga anandituma. Amayi anamva onse mawuwo, anafunsa ngati alongo awo anaudya mfutso uja, kenaka anatuluka panja kukasankha nyemba zimene zinali zosankha kale.

Munda anagawa mvula isanagwe. Chigawo cha kumtsinje chinagwera ine. Chaka chilichonse ndimalima mpaka pa mizere itatu ija, ndimaipalira kuti isamere thengo, koma sindibzalamo kanthu. Mapichesi akapsa ndimawajambula n'kutumiza. Amalume amayankha ndi mawu ojambula, afupiafupi, akufunsa ngati mtsinje wadzaza.