Muzu wotsekemera umene unandigoneka m'chipatala

Chizindikiro choyamba chinali nsapato. Kumayambiriro kwa Seputembala nsapato zanga za kuntchito zinayamba kundithina, mapazi atatupa. Ndimasamalira okalamba mumzinda wa Wakefield, kutsidya kwa nyanja, ndiye ndinangoti n'chifukwa choima tsiku lonse. Patapita sabata mutu unayamba kuwawa, miyendo n'kumalemera pokwera masitepe.

Ine kuphika ndimakonda, ndipo sindibisa, ndimatha. Mwezi wa Julaye ndinali nditapita kuchionetsero cha moyo wamakedzana, kumene anthu amavala zovala za makolo awo, kumenyana ndi malupanga mwamasewera ndi kugulitsa zinthu m'matenti. Ndinagulako buku la maphikidwe akale, zokometsera zakudya zotchedwa sinamoni, ndi mitolo ya mizu yotsekemera yotchedwa likorishi. Bukulo linkati powiritsa tiyi wa muzuwu, kachidutswa kakang'ono basi. Koma ine ndinakulira ku Mulanje, kumene muzu sitiuyeza ndi supuni. Ndinkawiritsa mtolo wathunthu n'kumamwa makapu atatu patsiku, ina n'kumatafuna m'basi. Ndinkadzitama kuti ndapeza tiyi wosalira shuga.

Lachiwiri lina ndinagwada kuti ndiveke agogo ena masokosi, ndipo ndinalephera kudzuka. Anzanga anaitana ambulansi. Kuchipatala anapeza kuti bipi yakwera kwambiri, mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu watsika, mtima ukugunda mosalongosoka. Anandiika diripu. M'mawa uliwonse ankatenga magazi, ine n'kudikira zotsatira mpaka masana, koma sizinkasintha kwenikweni. Ndinachita mantha, poganiza za ana anga awiri. Adokotala atafunsa ngati ndimamwa mankhwala ena ndinati ayi, poti kwa ine tiyi sanali mankhwala.

Tsiku lachitatu nesi wina wa ku Zambia anandipeza ndikutafuna muzu umene unatsalira m'chikwama.

"Amai, n'chani chamene mutafuna?"

Manyazi anandigwira, koma sindinabise. Ndinauza amuna anga abweretse buku lija ndi mizu yotsala, ndipo ndinaonetsa adokotala ndekha, n'kuwauza mmene ndinkamwera.

"Muzu uwu ukachuluka umakweza bipi ndi kutsitsa potaziyamu," anatero adokotala. "Siyani lero lomwe."

Ndinatuluka patatha masiku asanu ndi limodzi. Pofika Novembala ndinali nditabwerera kuntchito, nsapato zikulowa bwinobwino. Lero bipi yanga ili bwino ndipo sindimwa mankhwala aliwonse.

Chaka chotsatira ndinabwerera kuchionetsero kuja, ndinawapeza mayi amene anandigulitsa mizu ija n'kuwafotokozera zonse. Anadandaula kwambiri. Tsopano pamtolo uliwonse amamangirirapo kapepala kochenjeza, ndipo mawu ake tinalemba awiri pomwepo m'tenti. Ndikakaona kapepalako ndimanyadira, chifukwa pali wina amene sadzagona pabedi limene ndinagona ine.

Anzanga, mapazi akatupa musadikire ngati ine, pitani msanga. Ndipo akakufunsani zimene mumamwa, nenani zonse, ngakhale zimene mumangotafuna m'basi.