Tianyezi Todana ndi Madzi

Mai anga atamwalira, abale anagawana zitenje ndi mapoto. Ine ndinakwera kaphiri kouma kuseri kwa mudzi kukakumba tianyezi tam'tchire timene mai ankatsira m'ndiwo. N'tating'ono ngati nsawawa, koma kamodzi kokha kamanunkhiritsa nyumba yonse. Tinali titayamba kale kusowa, ndipo anthu anali kuswa tchirelo kuti alime thonje. Ndinadziwa kuti ndikadzabweranso sindidzatipeza.

Kuno ku Kanyama, komboni ya m'tauni kumene ndimakhala, mvula ikagwa madzi sadziwa kopita, pamene tianyezito timafuna pouma. Choncho ndinadzaza mchenga ndi timiyala m'beseni lobooka, n'kubzalamo, n'kuliika pa njerwa pakhonde. Aneba ankaseka kuti ndayamba kulima miyala. Ndinkangowayang'ana. Chimene ndinkachita ndinkachidziwa.

Chaka chomwecho kampani ya boma imene amuna anga ankagwirako inagulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa ntchito. Ine ndinkalawirira kumsika kukagulitsa zovala zovalidwa kale za salaula, iwo n'kutsala pakhomo. Munthu wozolowera ntchito manja amamuyabwa. Anayamba kuthirira beseni lija m'mawa ndi madzulo ngati dimba la repu, osandiuza.

Ndinazindikira masamba atachita chikasu. Nditafukula, zala zinalowa m'zinthu zonunkha. Tonse tinali titaola, kupatula kamodzi ka m'mphepete. Ndinapsa mtima, ndinalira, ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pampanda.

"Imwe, nindani anakutumani? Utu sitifuna manzi!"

"Nenze kuona monga tizafa na njota ya manzi," anayankha amuna anga, maso ali pansi. "Manje nizichita chani pano zuba yonse?"

Chisoni chinandigwira, koma sindinapepese, chifukwa wolakwa sanali ine. Kotsala kaja ndinakabzalanso mumchenga wouma, n'kuwauza kuti, "Ngati mufuna nchito, muzikalonda aka. Olo dontho isagwepo."

Mvula yoyamba yamphamvu inandipeza kumsika. Ndinasiya katundu kwa mnzanga n'kuthamanga, mtima uli m'mwamba. Pakhonde panalibe beseni. Ndinakankha chitseko, n'kupeza amuna anga ataima m'madzi ofika m'maondo, nsapato ndi mbale zikuyandama, matiresi atanyoweratu. Beseni anali atalisenza pamutu.

"Kalibe kunyowa, bamake mwana," anatero. "Gwirani muone."